Kodi "mupulumutsa K3,500,000" pa galimoto yogwirapo kale ntchito n'zoona?

Mayi wina amene ndi mphunzitsi ku Zomba walemba kuti: "Ndaona pa Facebook malonda a Toyota Aqua ya chaka cha 2014 pamalo ena ogulitsira galimoto ku Blantyre. Alemba kuti mtengo wake unali K23,000,000 koma tsopano ndi K19,500,000, ndiye kuti ndipulumutsa K3,500,000 ndikagula sabata ino. Awonjezeranso kuti msonkho unalipiridwa kale, kuti imamwa theka la mafuta amene galimoto zina zimamwa, ndiponso kuti ndikhoza kumalipira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Amuna anga akuti tifulumire mwayi usatipitirire. Kodi ndalama akuti tipulumutsazo ndi zenizeni?"

Mayi, yankho lachidule ndi lakuti K3,500,000 imeneyo siikukuuzani chilichonse chokhudza galimotoyo, ndipo ndikupempheni kuti inu ndi bambo akunyumba muichotse m'maganizo musanapite kukaiona. Sindikuweruza kuti wogulitsayo ndi wakuba, ndipo n'kutheka kuti K19,500,000 ndi mtengo wabwino ndithu. Koma ubwino wa mtengowo, ngati ulipo, mudzaudziwa pouyerekeza ndi mitengo ya galimoto zina zofanana nayo, osati pouyerekeza ndi nambala imene mwini malonda wadzilembera yekha.

Ndalama zimene otsatsa malonda amati mupulumutsa zimapezeka pochotsera nambala imodzi pa inzake. Nambala imodzi ndi imene mudzatulutse m'thumba, ndipo imeneyo ndi yeniyeni chifukwa idzaoneka pa lisiti. Inayo, imene amaidula ndi mzere wofiira, inachokera m'mutu mwa wogulitsa, ndipo palibe amene anamuyang'anira pamene ankailemba. Pa katundu watsopano, monga thumba la simenti kapena paketi ya shuga, chinyengo chotere sichipita patali, popeza katundu yemweyo ali m'sitolo zambirimbiri ndipo aliyense amadziwa mtengo wake wa dzulo. Galimoto yogwirapo kale ntchito ndi yosiyana. Ma Aqua awiri a chaka chimodzi ndi mtundu umodzi akhoza kusiyana mtengo ndi mamiliyoni angapo mwachilungamo ndithu, chifukwa ina inayenda makilomita 70,000 pamene inzake inayenda 190,000, ina inachitapo ngozi n'kukonzedwa, ina batire lake latopa. Palibe fakitale kapena ofesi ya boma imene imaika mtengo wa galimoto yotere. Choncho mawu akuti "mtengo wake unali" alibe pogwira, pokhapokha wogulitsa atakusonyezani kuti galimoto yomweyo, ya nambala ya chasisi yomweyo (nambala yapadera yodindidwa pathupi la galimoto iliyonse), inakhala ikutsatsidwa poyera pa mtengo umenewo kwa nthawi yooneka.

Nanga K23,000,000 yachokera kuti? Pamsika wa galimoto nambala yotere imabadwa m'njira zingapo. Ena amangoyamba ndi mtengo umene akufuna, n'kuwonjezerapo mamiliyoni atatu kapena anayi kuti pakhale chodula. Ena ndi ochenjera pang'ono: galimoto ikangofika amaiika pa mtengo wokwera umene akudziwa kuti palibe angagule, pakatha masiku ochepa n'kuitsitsa, kuti wina akafunsa athe kuloza chithunzi chakale n'kunena kuti sananame. Ena amatenga mtengo wa kumalo odula kwambiri mumzindamo, kumene lendi ndi yokwera ndipo makasitomala ake ndi makampani. Njira imene imapusitsa ngakhale anthu odziwa galimoto ndi yoyerekeza magiredi osiyana. Aqua ya zaka zimenezo inkatuluka m'magiredi otchedwa L, S ndi G. Ya L ndi yotsika, yopanda zokometsera zambiri, pamene ya G ndi yapamwamba. Munthu akakugulitsani ya L n'kumaiyerekeza ndi mtengo wa ya G, manambala onse awiri akhoza kukhala opezekadi pamsika, koma kusiyana kwake si ndalama zimene mwapulumutsa, ndi zinthu zimene mulibe m'galimoto mwanu.

Mwina mudzafunsa chifukwa chake amalonda amavutikira kulemba nambala imene munthu wanzeru aliyense angaikayikire. Amatero chifukwa imagwira ntchito ngakhale pa munthu amene akuikayikira. M'chaka cha 1974, akatswiri awiri a za kaganizidwe ka anthu, Amos Tversky ndi Daniel Kahneman, anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anatchuka kwambiri. Ankazunguza gudumu la manambala pamaso pa anthu, gudumulo litakonzedwa mobisa kuti liziima pa 10 kapena pa 65 basi, kenako n'kuwafunsa kuti mwa mayiko a m'bungwe la United Nations, a mu Africa ndi maperesenti angati. Amene anaona gudumu litaima pa 10 ankapereka mayankho ozungulira 25, pamene amene anaona 65 ankapereka ozungulira 45, chonsecho onsewo ankaona ndi maso awo kuti gudumulo silikugwirizana ndi funso. Nambala imene yalowa m'mutu poyamba imakoka nambala zobwera pambuyo pake. Wogulitsa kaunjika pamsika amadziwa zimenezi popanda kafukufuku: amatchula mtengo wokwera poyamba kuti mukanenerera n'kufika pa mtengo umene iye ankafuna kuyambira pachiyambi, muchoke mukuona ngati mwamupambana. Kusiyana kwake n'kwakuti pa kaunjika mumadziwa kuti ndi masewera ndipo mumanenerera mwamphamvu, pamene pa galimoto imene yalembedwa kuti yatsitsidwa kale, anthu ambiri amachita manyazi kunenereranso. Phindu lalikulu la mzere wofiira uja kwa wogulitsa ndi limenelo: umatseka pakamwa pa wogula.

Pali chinthu china chimene chiyenera kukuchititsani kufunsa mafunso, ndipo n'chokhudza dziko lathu lino. Galimoto zimenezi zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Mu Meyi 2022 Reserve Bank of Malawi inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Galimoto imene woitanitsa ankailipira madola 6,000 inachoka pa K7,080,000 n'kufika pa K10,200,000 usiku umodzi, msonkho usanawerengedwe, ndipo amalonda ambiri amene sapeza madola kubanki amagula pamtengo wokwera kuposa pamenepo. Pamsika wotere mitengo ya galimoto m'makwacha imakonda kukwera, ndipo wamalonda amadziwa kuti ndalama imene alandire lero iyenera kukwanira kuitanitsira galimoto ina mawa. Ndiye munthu akamati watsitsa mtengo ndi 15 peresenti, payenera kukhala chifukwa. Zifukwa zoona zilipo: galimoto yakhalitsa pabwalo, mwini wake ali ndi zina padoko zimene akufunika kuombola, kapena ngongole yamupanikiza. Koma chifukwa chikhozanso kukhala chakuti makaniko a makasitomala atatu amene anabwera inu musanabwere anapeza vuto n'kubwerera. Mufunseni mwachindunji chifukwa chimene watsitsira mtengo, ndipo yankho lake mulisunge kuti mukaliyerekeze ndi zimene makaniko wanu apeze.

Mayiko ena anakumana ndi vutoli kalekale ndipo anaika miyeso imene inunso mungaigwiritse ntchito ngati yanu. M'mayiko a European Union, kuyambira pa 28 Meyi 2022, wamalonda akalengeza kuti watsitsa mtengo wa katundu amayenera kuuyerekeza ndi mtengo wotsikitsitsa umene anagulitsirapo katunduyo m'masiku 30 apitawo, kuti njira yokweza lero n'kutsitsa mawa ikhale yopanda phindu. Ku America, malangizo a bungwe la Federal Trade Commission amati mtengo wakale uyenera kukhala weniweni, umene katunduyo anatsatsidwira kwa anthu moona mtima kwa nthawi yokwanira. Bungwe lomwelo linakhazikitsa lamulo lapadera la ogulitsa galimoto mu Disembala 2023, lowakakamiza kutchula mtengo wonse poyera, koma mabungwe a ogulitsa galimoto anakasuma, ndipo khoti linalithetsa mu Januwale 2025 ponena kuti ndondomeko yokhazikitsira lamulolo sinatsatidwe; zimenezi zikusonyeza kukula kwa ndalama zimene zimabisala m'kalembedwe ka mitengo. Ku Britain, bungwe la Advertising Standards Authority limafuna kuti wotsatsa malonda akhale ndi umboni wolembedwa wa zimene akunena asanazifalitse. Chitsanzo chimene chimandisangalatsa kwambiri n'cha ku Japan, kumene Aqua yanuyo inachokera: kuyambira mu Okutobala 2023, ogulitsa galimoto zogwirapo kale ntchito m'dzikomo amayenera kuonetsa mtengo wonse umene wogula adzalipire, kuphatikizapo ndalama zolembetsera ndi zina zosapeweka, chifukwa panali chizolowezi cholemba mtengo wotsika pagalasi n'kudzaunjika zowonjezera pa tsiku losainira. Funso lanu kwa wogulitsa wa ku Blantyre likhale lofanana ndi limeneli: kodi ndalama zonse zimene ndidzatulutse mpaka galimoto italembedwa m'dzina langa ndi zingati?

Funso limeneli likutifikitsa pa mawu akuti msonkho unalipiridwa kale. Galimoto zambiri za ku Japan zimatsikira padoko la Dar es Salaam, n'kuyendetsedwa pamsewu makilomita oposa 900 kudzera ku Mbeya mpaka pachipata cha Songwe, zili ndi nambala zongodutsira zoyamba ndi IT. Zina zimadzera ku Beira kapena ku Durban n'kulowera ku Mwanza kapena ku Dedza. Msonkho wa Malawi Revenue Authority umadalira zinthu monga zaka za galimoto ndi kukula kwa injini, ndipo ndi gawo lalikulu la mtengo umene mukuuona pabwalopo. N'chifukwa chake galimoto imene msonkho wake uli ndi vuto imatha kugulitsidwa motchipa mochititsa kaso. Musakhutire ndi mawu apakamwa kapena chithunzi cha pafoni. Pemphani zikalata za MRA zosonyeza kuti galimotoyo inaomboledwa, muone ngati nambala ya chasisi, chaka ndi kukula kwa injini zimene zalembedwapo zikugwirizana ndi zimene zili pagalimotopo, ndipo mukatsimikizire kuofesi ya MRA musanapereke ndalama. Galimoto imene inalembedwa chaka cholakwika kapena injini yocheperapo kuti msonkho utsike, komanso imene inalowa m'dziko mwa chilolezo chosalipira msonkho kenako n'kugulitsidwa msonkhowo usanaperekedwe, ikhoza kugwidwa ili m'manja mwanu, ndipo pa nthawiyo wogulitsa uja foni yake imakhala itasiya kupezeka. Ngati galimotoyo idakali pa IT, werengerani ndalama zolembetsera ku Road Traffic, za nambala, za COF (chikalata chotsimikizira kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi za inshulansi. Ngati inalembetsedwa kale, onani bulu buku, mudziwe ngati dzina lili mmenemo ndi la amene akukugulitsaniyo, ndiponso mugwirizane za amene alipire kusintha umwini.

Chenjezo lomweli likukhudzanso amene amaganiza zoitanitsa okha kuchokera ku makampani a ku Japan pa intaneti. Kumeneko mudzaonanso mitengo yodulidwa ndi mzere, koma mtengo umene umalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kawirikawiri ndi wa FOB, kutanthauza mtengo wa galimoto itakwezedwa m'sitima ku Japan, ulendo wapanyanja usanalipiridwe. Mukawonjezera sitima, zolipira zapadoko, othandiza kuombola, dalaivala ndi mafuta a pamsewu, ndiponso msonkho, madola, tinene 300, amene anakuchotserani amasanduka kachigawo kakang'ono ka ndalama zonse. Komabe kuwerengera kumeneku n'kothandiza ngakhale kwa inu amene mukufuna kugula ku Blantyre, chifukwa kumakusonyezani pafupifupi ndalama zimene wogulitsayo anawononga, ndipo mukazidziwa mumanenerera muli ndi poyambira panu.

Mtengo wa galimoto yotere umatsamira kwambiri pa mtunda umene yayenda, ndipo nambala ya pa dashibodi si yovuta kusintha kwa munthu amene ali ndi kompyuta ndi chingwe choyenera. Galimoto imene yayenda makilomita 180,000 ikabwezedwa kufika pa 78,000, wogulitsa akhoza kukuchotserani mamiliyoni atatu n'kutsalabe ndi phindu loposa limene akanapeza mwachilungamo. Mapepala awiri a ku Japan amathandiza pamenepa. Loyamba ndi chikalata chotulutsira galimoto m'dzikomo, chimene chimasonyeza makilomita amene analembedwa pa nthawi zomaliza zimene galimotoyo inkayesedwa malinga ndi malamulo a kumeneko, pamodzi ndi masiku ake. Lachiwiri ndi pepala la kumsika wa okushoni, ngati inadzera kumeneko, limene limasonyeza makilomita, malikisi a mmene galimotoyo ilili monga 3.5, 4 kapena 4.5, ndi chilembo R pa galimoto imene inakonzedwapo pambuyo pa ngozi. Wogulitsa amene anaitanitsa yekha galimotoyo sayenera kuvutika kukuonetsani kope la chikalata choyambacho. Yang'ananinso chiwongolero, mapedulo ndi mpando wa dalaivala, pakuti kutha kwake kumagwirizana ndi mtunda weniweni, ndiponso kansalu kamene kamasokedwa m'munsi mwa lamba wapampando, kamene kawirikawiri kamasonyeza chaka chimene lambayo anapangidwa.

Nkhani ya mafuta ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa apa pali choonadi chosakanikirana ndi kukokomeza, ndipo zotere n'zovuta kuzizindikira kuposa bodza lenileni. Aqua ndi galimoto ya haibulidi, yoyendera injini ya petulo pamodzi ndi mota ya magetsi, ndipo imamwadi mafuta ochepa. Pamene inkayamba kugulitsidwa ku Japan mu Disembala 2011, inalembedwa kuti imayenda makilomita 35.4 pa lita. Koma nambala imeneyo inachokera pa muyeso wotchedwa JC08, umene unkachitikira m'chipinda choyesera, matayala akuzungulira pa makina, choziziritsira mpweya chili chozimitsa, popanda zitunda, mabampu kapena katundu. Dziko la Japan lomwelo linaona kuti muyesowu ukusiyana kwambiri ndi zimene madalaivala amapeza, ndipo kuyambira mu 2018 linasinthira ku wina wotchedwa WLTC, umene pa Aqua yomweyo unapereka manambala osafika makilomita 30 pa lita. Ndipo manambala a fakitale nawonso si opatulika: mu Epulo 2016 kampani ya Mitsubishi Motors inavomera kuti inasokoneza zotsatira za kamwedwe ka mafuta pa galimoto zing'onozing'ono pafupifupi 625,000, kuphatikizapo zimene inkapangira Nissan monga Dayz. Wogulitsa wa ku Blantyre akatchula 35, akutchula nambala ya galimoto yatsopano, ya m'chipinda choyesera, ya muyeso umene eni ake anausiya.

Tiyeni tiwerenge ndi manambala ongoyerekeza. Tinene kuti mumayenda makilomita 12,000 pachaka, ndipo galimoto ina yaing'ono ya petulo yekha ingakupatseni makilomita 14 pa lita. Imeneyo ifuna malita 857. Aqua ikanamayendadi makilomita 35 pa lita, ikanafuna malita 343, ndipo mukanapulumutsa malita oposa 500. Koma ikamakupatsani makilomita 22 pa lita, ifuna malita 545, ndipo mupulumutsa malita 312. Malita 312 si ochepa, makamaka m'dziko limene anthu amagona pamizere ya mafuta, ndipo muchulukitse nokha ndi mtengo wa petulo wa mwezi uno kuti muone ndalama zake. Dziwani kuti haibulidi imapambana kwambiri m'tauni, pamene galimoto imaima n'kunyamuka kawirikawiri, monga mumsewu wa Chipembere nthawi yoweruka. Pamsewu wautali wa Zomba kupita ku Blantyre, kapena pokwera ku Chawe anthu atadzaza, injini ya petulo ndi imene imagwira ntchito yambiri ndipo kusiyana kumachepa. Chimene malonda aja sanatchule ndi batire lalikulu limene lili pansi pa mpando wakumbuyo. Pa galimoto ya 2014 batirelo lapitirira zaka khumi ngati silinasinthidwepo, limafooka ndi kutentha, ndipo kafani kamene kamaliziziritsa kamatsekeka ndi fumbi la m'misewu yathu. Likafooka, injini imalira nthawi zambiri, mafuta amayamba kumwedwa ngati pa galimoto wamba, ndipo mtengo wolisintha ukhoza kumeza zonse zimene munapulumutsa pa petulo kwa nthawi yaitali. Choncho makaniko amene mupite naye akhale wodziwa za haibulidi, wokhala ndi makina owerengera mphamvu ya chigawo chilichonse cha batirelo pachokha, chifukwa kungomvetsera kulira kwa injini sikungamuuze zimenezi. Muiyendetsenso mtunda wokwanira kuti itenthe bwino, popeza nyali zochenjeza zimene zafufutidwa ndi kompyuta m'mawa zimatha kudzayakanso galimoto itayenda.

Pa zolipira mwezi ndi mwezi, samalani ndi chizolowezi chokambirana ndalama za pamwezi m'malo mwa ndalama zonse. Tiyerekeze kuti mwapereka K4,500,000 poyamba ndipo yotsala ndi K15,000,000. Akakuuzani kuti chiwongoladzanja ndi 20 peresenti pachaka, funsani ngati chikuwerengedwa pa ngongole yonse ya pachiyambi kapena pa imene yatsala mwezi uliwonse. Chikamawerengedwa pa ngongole yonse kwa zaka zitatu, chiwongoladzanjacho ndi K9,000,000, mudzabweza K24,000,000, ndipo pamwezi muzipereka pafupifupi K666,700. Mukawerengera mmene mabanki amawerengera pa ngongole yotsala, chimenecho n'chiwongoladzanja cha pafupifupi 34 peresenti. Mukadandaula kuti ndalama ya pamweziyo yakula, adzakukomerani mtima pofutukula ngongoleyo kufika zaka zisanu, kuti muzipereka K500,000 yokha. Pamwezi mwapepukidwa ndi K166,700, koma zonse pamodzi zakwera kufika pa K30,000,000, ndiye kuti mwawonjezera K6,000,000, pafupifupi kuwirikiza kawiri ndalama zimene malonda aja anati mupulumutsa. Funsaninso ngati mtengo wa K19,500,000 ukugwira ntchito kwa wogula pangongole kapena ndi wa olipira ndalama zonse nthawi imodzi, dzina la amene bulu buku likhale m'manja mwake mpaka mutamaliza, ndi zimene zingachitike mukalephera mwezi umodzi kapena iwiri. Monga mphunzitsi wolandira malipiro okhazikika, yerekezani ndi zimene banki yanu kapena SACCO ingakubwerekeni, mukuyang'ana ndalama zonse zobweza.

Ngati muli ndi galimoto yakale imene mukufuna kusiya ngati gawo la malipiro, kambiranani mitengo iwiriyo padera, chifukwa n'kosavuta kukupatsani mtengo wosangalatsa pa yakaleyo n'kubwezera pa yatsopano. Dziwaninso ngati amene waika malonda pa Facebook ndi mwini galimoto kapena ndi dobadoba, poti dobadoba amaikapo yake pamwamba, ndipo nthawi zina galimoto imodzi imatsatsidwa ndi anthu atatu pa mitengo itatu yosiyana. Mukaona nambala ya galimoto kapena bwalo lofanana pa zithunzi za anthu osiyana, mwapeza njira yofikira mwini wake weniweni.

Mtengo woyenera mungaupeze nokha popanda kulipira munthu. Sonkhanitsani malonda a ma Aqua ena a zaka za 2013 mpaka 2015 a ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, mulembe giredi, makilomita, ndiponso ngati ndi za IT kapena zolembetsedwa kale, kenako musiye wokwera kwambiri ndi wotsika kwambiri n'kuona pamene yotsalayo yaunjikana. Kumbukirani kuti imeneyo ndi mitengo yotchulira, ndipo galimoto zambiri zimagulidwa motsikirapo. Bwererani m'mbuyo pa tsamba la wogulitsayo kuti muone ngati galimoto yomweyo inaikidwapo pa K23,000,000, liti, ndiponso kwa nthawi yaitali bwanji. Muonenso ngati mawu akuti "sabata ino yokha" amabwerezedwa mwezi uliwonse. Ikapezeka kuti zinzake zikutsatsidwa pa K19,000,000 kapena K20,000,000, ndiye kuti mtengo wa ku Blantyre uja ndi mtengo wamba wa pamsika, ndipo muli ndi ufulu wonse wonenerera kuchokera pamenepo. Pa mtengo umene mwagwirizana muchotsepo zimene makaniko wapeza, monga matayala otha, mashoko kapena mabuleki, mutafunsa mitengo yake kwa ogulitsa zipangizo.

Malamulo a dziko lino sali chete pa nkhaniyi. Lamulo la Consumer Protection Act la 2003 komanso la Competition and Fair Trading Act amaletsa kutsatsa malonda mosocheretsa, kuphatikizapo kunamiza anthu pa mtengo kapena pa mmene katundu alili. Lamulo lachiwirili linalembedwanso mwatsopano n'kuyamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 2024, ndipo linapatsa bungwe la Competition and Fair Trading Commission mphamvu zolipiritsa chindapusa amalonda ophwanya lamulo. Lamulo la Sale of Goods Act nalonso limafuna kuti katundu wogulitsidwa mwa kufotokozedwa agwirizane ndi zimene zinafotokozedwazo, choncho galimoto imene inagulitsidwa kuti ndi ya 2014 n'kupezeka kuti ndi ya 2012 ili ndi poyambira mlandu. Bungwe la Consumers Association of Malawi limalandiranso madandaulo a ogula. Komabe ndikuuzeni mosabisa kuti kutsimikizira kuti mtengo wakale unali wopeka n'kovuta kuposa kutsimikizira kuti chaka kapena makilomita ananamizidwa, ndiponso kubweza ndalama kuchokera kwa wamalonda wopanda ofesi yodziwika kumatenga nthawi ndi mphamvu. Madandaulo onse amayenda ndi umboni. Jambulani malonda aja lero, tsiku likuoneka, chifukwa zolembedwa pa Facebook zimasinthidwa kapena kufufutidwa mosavuta, ndipo sungani mauthenga onse a pa WhatsApp.

Pa pangano logulitsirana mulembetse nambala ya chasisi, chaka, giredi, makilomita, mawu akuti msonkho wonse unalipiridwa, ndi mtengo wonse, ndipo lonjezo lililonse la pakamwa, monga lakuti batire likavuta m'miyezi itatu adzalisintha, lilowe papepalapo. Wogulitsa akakana kulemba chinthu chimene wanena ndi pakamwa pake, muchiwerenge ngati sananene. Akafuna kuikapo mawu akuti galimoto yagulitsidwa mmene ilili, dziwani kuti akufuna kuti zovuta zonse zodzaoneka pambuyo zikhale zanu, ndipo mtengo uyenera kutsika mogwirizana ndi zimenezo.

Kwa bambo akunyumba, amene akuopa kuti mwayi upitirira, muwauze kuti ma Aqua akulowa pa Songwe mwezi uliwonse, ndipo malire a sabata imodzi anaikidwa ndi munthu yemwe uja amene analemba K23,000,000. Ngati wogulitsa apempha dipoziti kuti akusungireni galimotoyo, musatumize pafoni musanaione. Muipereke mutaiona, ikhale yochepa, ndipo pa lisiti palembedwe kuti idzabwezedwa yonse ngati makaniko wanu kapena ofesi ya MRA apeza zosiyana ndi zimene zinatsatsidwa. Ndalama zotsalazo zidzere kubanki, ku akaunti ya dzina limene lili pa zikalata za galimotoyo kapena la kampani imene yalembedwa pa panganolo, pa tsiku limene mukupita limodzi ku Road Traffic kukasintha umwini.